Tisanakumbe Maziko: Momwe Ndinaonera Ntchito ya Akatswiri Oyeza Malo

Bungwe lathu losunga ndalama pamodzi linagula malo okwana mahekitala 12 ndi cholinga chogawa mapuloti a nyumba za mamembala, kusiyako danga la sukulu ya mkaka ndiponso bwalo la masewera. Ine ndinali mmodzi mwa anthu atatu omwe anasankhidwa kuti ayendetse ntchitoyi, ndipo pachiyambi ndinali kumbali ya omwe ankaona ngati kuitana akatswiri kuti adzaone ngati malowo ndi oyenera kumangapo n'kungotaya ndalama. M'maso mwanga malowo analibe vuto. Kumtunda kuli kaphiri ka miyala, pakati pali malo otsetsereka pang'onopang'ono, ndipo kumunsi kuli chigwa chathyathyathya chomwe udzu wake umakhala wobiriwira ngakhale mvula italeka kalekale. Ambirife mitima inali kale pachigwapo, poti pamalo osalala womanga savutika ndi kudula kapena kukwirira nthaka. Ndikulemba izi patadutsa miyezi ingapo chilandirireni lipoti la kampani yomwe tinaipatsa ntchitoyo. Dzina lake sinditchula, chifukwa zabwino ndi zofooka zomwe ndinaona munthu angathe kuzipezanso kwa akatswiri ena a ntchito yomweyi.

Ntchito inayambira mu ofesi, pa kompyuta. Anatenga zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zomwe kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 10 mbali zonse, kuti aone komwe zomera zimakhala zobiriwira nthawi ya chilimwe, popeza kubiriwira kotero kumaulula komwe madzi ali pafupi. Pofuna kudziwa kukwera ndi kutsika kwa malo anayamba ndi miyezo ya SRTM, yomwe inatengedwa m'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2000 kuchokera m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Endeavour, ndipo masiku ano aliyense angathe kuitenga kwaulere pa intaneti. Apa mpamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa iwo eni anatiuza kuti miyezoyi imaona dziko m'mabwalo a mamita pafupifupi 30, kotero khwawa lomwe limadutsa pakati pa malo athu, lomwe m'lifupi mwake silikwana mamita 5, silinaoneke n'komwe pa mapu oyambawo. Sanafune kutigulitsa mapu omwe iwo ankadziwa kuti ndi akhungu pa chinthu chofunika choterocho. Anabwera ndi kandege kojambula kotchedwa drone, nakhoma zikhomo zoyezedwa ndi GPS, ndipo mapu achiwiri anaonetsa khwawalo bwinobwino pamodzi ndi timifuleni tiwiri tomwe timathiramo.

Za kutsetsereka kwa malo anazifotokoza mwa njira yomwe ngakhale mamembala omwe sanapite patali ndi masamu anamva. Malo akamakwera mamita 10 pa mtunda wa mamita 100, amati kutsetsereka kwake ndi maperesenti 10. Nyumba ya mamita 12 m'lifupi ikamangidwa pamalo a maperesenti 5, mbali ya kumtunda imasiyana ndi ya kumunsi ndi masentimita 60 okha, zomwe mmisiri aliyense amakonza pomanga maziko. Nyumba yomweyo ikakhala pamalo a maperesenti 20, kusiyanako kumafika mamita 2.4, ndipo pamenepo mwini wake ayenera kudula phiri, kumanga khoma lotchinjiriza nthaka, ndi kupezera njira madzi omwe adzaunjikana kuseri kwa khomalo. Chomwe sindinkachiganizira n'chakuti kusalala kopitirira nakonso ndi vuto: malo omwe kutsetsereka kwake sikufika ngakhale peresenti imodzi kapena awiri, madzi sadziwa kolowera, ngalande sizikoka, ndipo mapaipi a zonyansa amatsekeka kawirikawiri. Chigwa chathu chija chinali chotero.

Koma ngati pali gawo lomwe ndinganene kuti ndalama yathu inagwira ntchito, ndi masiku atatu omwe injiniya wawo wa za nthaka, mayi wachikulire wosachulutsa mawu, anayenda wapansi malo onse ndi kukumbitsa maenje 8 akuya mamita awiri kufika atatu. Ndinawaperekeza tsiku lachiwiri. Titafika pa dzenje la m'chigwa, anatsika ndi makwerero, napala khoma la dzenjelo ndi mpeni, kenako anandiitana kuti: "Bambo, tatsikani muone nokha, izi musazimvere kwa ine." Pamwamba panali dothi lakuda bii lamakande, ndipo nditatsika kufika pomwe dothi linali molingana ndi m'chiuno mwanga kuchokera pamwamba, mtundu unasintha n'kukhala wotuwa ngati phulusa, wokhala ndi madonthomadontho ofiirira ngati dzimbiri la pa malata akale. Dzenjelo linali louma, moti ine ndinkaona ngati tapambana. Mayiwo anandifotokozera kuti m'nthaka muli chitsulo, ndipo chitsulocho chikamakumana ndi mpweya chimachita dzimbiri, n'chifukwa chake nthaka yomwe madzi sakhalitsamo imakhala yofiira. Koma madzi akadzaza mipata yonse kwa miyezi, mpweya umasowa, nthaka n'kutuwa, ndipo madontho ofiirawo amatsala m'malo momwe mpweya umabwerera madzi akaphwa. Choncho ngakhale tinakumba m'chilimwe, khoma la dzenjelo linali litasunga umboni wa pomwe madzi apansi amafika chaka ndi chaka, ndipo pamenepo panali posakwana mita imodzi kuchokera pomwe tinkafuna kuyala simenti ya pansi pa nyumba.

Atatero anatapa dothi lakudalo, nalinyowetsa ndi madzi a m'botolo, n'kuyamba kulipota pakati pa zikhato mpaka linasanduka kachingwe kowonda kotalika kuposa chala, kosaduka. Anandipatsa kuti ndilikhudze, ndipo linali lomata ndi lonyezimira ngati sopo. Kenako anandisonyeza ming'alu ya pamwamba pa nthaka, ina yoti dzanja langa linkalowamo lonse. Makande otere amafufuma akamwa madzi ndipo amanyala akauma. Nyumba ikakhalapo, nthaka ya pansi pa chipinda chapakati imakhala ndi chinyezi chosasinthasintha, pomwe ya m'mbali mwa makoma imanyowa ndi kuuma motsatira nyengo, kotero mbali za nyumbayo zimakwera ndi kutsika pomwe pakati pali chikhalire. Ming'alu yopingasa yomwe imayambira pa ngodya za mawindo ndi zitseko, yomwe anthu amafulumira kuimba nayo mlandu mmisiri kuti anaba simenti, nthawi zambiri gwero lake limakhala limeneli. Lipoti silinanene kuti pa makande sipangamangidwe. Linati pangafunike maziko a konkire wokhuthala wa zitsulo woyalidwa pansi pa nyumba yonse, kapena mizati yozama yofika pa nthaka yosagwedezeka, kapenanso kuchotsa dothilo n'kuthirapo lina, ndipo zonsezi n'zolemera kwa mamembala athu omwe ambiri adzamanga pang'onopang'ono. Linawonjezanso mfundo yomwe inandikhudza kwambiri, yakuti pomwe madzi apansi ali pafupi chonchi, zimbudzi zokumba ndi matanki a zonyansa zimalowetsa uve m'madzi omwe anthu omwewo adzatunge pa zitsime zawo.

Wina angaganize kuti mavuto otere ndi a anthu omanga tinyumba tating'ono opanda ndalama, koma mizinda ikuluikulu ikulimbana nawo mpaka lero. Mzinda wa Mexico City unamangidwa pomwe kale panali nyanja ya Texcoco, ndipo dothi lofewa la pansi pa nyanjayo lakhala likutitimira pamene anthu akupopa madzi apansi, moti madera ena atsika ndi mamita angapo. Pa chivomezi cha mu Seputembala 1985, chomwe chinayambira pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera mumzindawo, nyumba zomwe zinagwa kwambiri zinali za pa dothi la nyanja lija, chifukwa dothi lofewa limakulitsa kugwedezeka. Mayi aja anatchula mzindawu pomwe membala wina anati luso la masiku ano lingagonjetse nthaka ya mtundu uliwonse, ndipo yankho lawo linali lakuti luso lilipodi, koma amene amalipira ndi eni nyumba, chaka ndi chaka, kwa mibadwo.

Nkhani ya kusefukira kwa madzi ndi yomwe inabutsa mkangano waukulu pa msonkhano wathu. Akatswiriwo anajambula mzere m'mbali mwa khwawa ndi m'chigwa wosonyeza pomwe pangafike chigumula chomwe amachitcha cha zaka 100. Mkulu wina wa bungwe lathu, munthu wanzeru zake, anati ngati chimabwera kamodzi pa zaka 100, ndiye kuti ife ndi ana athu sitidzachiona. Mnyamata yemwe anawerengetsa za madzi anayankha mwaulemu kuti dzinalo limasocheretsa, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti chigumula chotero chichitike, ndipo chingathe kubwera zaka ziwiri zotsatizana. Kwa munthu yemwe adzakhale m'nyumba zaka 30, mwayi woti achione ngakhale kamodzi umafika maperesenti pafupifupi 26, kutanthauza mwayi umodzi pa 4. M'chipindamo munangoti zii. Chomwe ndinayamikira n'chakuti mzerewo sanaudalire kompyuta yokha. Anatisonyeza zinyalala ndi udzu wouma zomwe zinakodwa m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa khwawa pamwamba kuposa mutu wanga, anatisonyeza timizere ta mchenga pakati pa makande m'maenje awiri, tomwe madzi osefukira anasiya zaka zapitazo, ndiponso anacheza ndi anthu achikulire omwe akhala moyandikana ndi malowo kwa nthawi yaitali.

Kuphiri nako kunali zake. Ine ndinkaganiza kuti pa thanthwe ndiye polimba kuposa pena paliponse, ndipo n'zoona kuti mwala umanyamula nyumba bwino, koma kukumbapo ngalande, mapaipi a madzi ndi zimbudzi kumafuna makina ophwanyira miyala. Choopsa sichinali thanthwelo, koma nthaka yopyapyala yomwe yakhala pamwamba pake m'mbali mwa phiri. Mayi aja anandiimitsa pa mitengo ingapo yomwe matsinde ake anapindika m'munsi ngati chigongono kenako n'kuwongoka, nandiuza kuti mtengo umapindika chonchi pomwe nthaka yomwe wameramo ikutsetsereka pang'onopang'ono, iwo n'kumayesetsa kuloza kumwamba. M'munsi mwa mitengoyo munali kasupe wamng'ono yemwe ife tinkamuona ngati dalitso. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'nthaka yopyapyalayo, akafika pa thanthwe amalephera kupitirira, n'kuyamba kuyenda pakati pa mwala ndi dothi. Dothilo limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo munthu akadula phazi la malo otero kuti apeze pomanga, wachotsa chomwe chinkaligwira. Pa 14 Ogasiti 2017, mbali ya phiri la Sugar Loaf pafupi ndi Freetown ku Sierra Leone inagumuka itagwa mvula yamphamvu, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, m'dera lomwe nyumba zinali zitakwera m'phiri ndipo mitengo yambiri inali itadulidwa. Membala wina ataganiza zoti dothi lotsala pokumba misewu tikaunjike pa kasupeyo kuti pakhale pouma, mayiwo anakana kwamtuwagalu, natikumbutsa za mudzi wa Aberfan ku Wales, komwe mu Okutobala 1966 mulu wa zotsalira za mgodi wa malasha womwe unaunjikidwa pamwamba pa akasupe unagumukira pa sukulu n'kupha anthu 144, mwa iwo ana 116.

Tsono ndifike pa chomwe sichinandisangalatse, ndipo si chaching'ono. Patsamba loyamba la lipoti anaikapo mapu amodzi okongola a mitundu itatu: wobiriwira posonyeza malo oyenera, wachikasu posonyeza oyenera pang'ono, ndi wofiira posonyeza osayenera. Njira yosanjikiza mapu chonchi ndi yakale ndipo ndi yanzeru. Anaitchukitsa ndi Ian McHarg, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Pennsylvania, m'buku lake la mu 1969 lotchedwa Design with Nature. Iye ankajambula chinthu chilichonse, monga kutsetsereka, nthaka, madzi ndi nkhalango, pa pepala lake loonekera mkati, n'kusanjikiza mapepalawo kuti pomwe pada kwambiri padziwike kuti ndi pofunika kupewa. Kampani yathu inachita zimenezi pa kompyuta, koma inapereka mapointi pa chinthu chilichonse n'kuphatikiza onse pamodzi. Zotsatira zake n'zakuti malo a pafupi ndi kasupe uja anapeza mapointi ambiri chifukwa ali pafupi ndi msewu, pafupi ndi mawaya a magetsi, ndipo pamalo penipenipo mposatsetsereka kwambiri. Anataya mapointi pa za madzi ndi kugumuka kokha, ndipo pophatikiza anatuluka achikasu. Malo omwe injiniya wawo yemwe anatiletsa ndi pakamwa pake kuti tisayerekeze kugonekapo mwana, mapu a kampani yomweyo ankawaonetsa ngati ongofunika kusamala pang'ono.

Kulakwitsa kumeneku n'koopsa chifukwa pa anthu 60 a m'bungwe lathu, owerenga lipoti lonse sakwana asanu, pomwe mapu a mitundu aliyense anawajambula pa foni. Kuyandikira msewu sikungabweze phiri lomwe likugumuka, ndipo pali zinthu zina zomwe chimodzi chokha chiyenera kuchotseratu malo pa mndandanda mapointi asanayambe kuwerengedwa. Ndondomeko yoyezera malo yomwe bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linatulutsa mu 1976, ngakhale kuti inakonzedwa poganizira kwambiri za ulimi, imasiyanitsa magulu atatu a malo oyenera, S1, S2 ndi S3, ndi magulu awiri a malo osayenera: N1, omwe ndi osayenera pakadali pano koma angakonzedwe zinthu zitasintha, ndi N2, omwe ndi osayenera mpaka kalekale. Imanenetsanso kuti funso loti malo ndi oyenera liyenera kutsatana ndi funso loti oyenera chiyani. Mapu athu sanayankhe funso lachiwirili. Chigwa chomwe anachipaka chofiira n'chosayenera nyumba, inde, koma n'choyenera bwalo la masewera m'miyezi youma, n'choyenera mitengo, ndipo koposa zonse chikugwira kale ntchito ya dambo, yosunga madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Kuchitcha chosayenera basi kunachititsa mamembala ena kuona ngati tinagula mahekitala atatu opanda pake, mpaka ena anayamba kukamba zochikwirira ndi zibuma kuti tichigulitse.

Titadandaula, kampaniyo inavomera msanga ndipo inakonzanso mapuwo popanda kutilipiritsa kachiwiri. Anayamba achotsa malo onse a m'kati mwa mzere wa chigumula, a m'mbali mwa khwawa, ozungulira kasupe ndi otsetsereka kupitirira maperesenti 25, kenako n'kupereka mapointi pa otsalawo, ndipo anajambula mapu osiyana a nyumba, a misewu ndi a malo osiyidwa opanda zomanga. Khalidwe lovomera kulakwa limeneli ndalilemba kumbali ya zabwino zawo, komabe ndikudzifunsa kuti zikanatha bwanji ndikanapanda kuyenda nawo tsiku lija n'kumva ndi makutu anga zomwe mayi aja ananena pa kasupe.

Chofooka china chinali chakuti lipoti linayang'ana momwe malo angakhudzire nyumba zathu, koma linangodutsa pamwamba pa momwe nyumba zathu zidzasinthire malowo. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi ya madzi, kotero denga la masikweya mita 100 limatsitsa malita 5,000 pa mvula ya mamilimita 50. Lero madzi ambiri otere amalowa pansi chifukwa pali udzu ndi tchire. Mawa pakadzakhala madenga makumimakumi, misewu ndi mabwalo a simenti, adzathamangira m'khwawa nthawi imodzi. Khwawalo lidzakula n'kukhala chigwembe, mzere wa chigumula womwe anatijambulira udzasuntha, ndipo anthu okhala kumunsi kwathu, omwe sanafunsidwe kanthu, ndi omwe adzalandire madziwo. Nkhaniyi inapatsidwa ndime imodzi yokha. Chilankhulo cha lipotilo nachonso chinali cholemera ndi mawu a akatswiri, moti zomwe mayi aja anandiphunzitsa ndi mpeni ndi botolo la madzi m'mphindi khumi, papepala zinatenga masamba asanu ovuta kutsatira. Linafikanso mochedwa ndi masabata atatu, koma zimenezo sindikuziwerengera kwambiri, poti zitsanzo za dothi zinachedwa ku labotale.

Amene akufuna kugawa malo aakulu, kaya ndi bungwe, mpingo kapena khonsolo, ntchito yotereyi ndikuwalimbikitsa kuti aichititse, ndipo aichititse asanakhome chikhomo cha puloti ngakhale chimodzi, makamaka asanagule n'komwe. Pokambirana ndi kampani, afunse kuti ndani adzapondedi pamalopo ndi kutsika m'maenje, maenjewo adzakhala angati, ndi zinthu ziti zomwe zidzachotseretu malo popanda kuphatikiza mapointi, ndiponso ngati adzabwerenso nthawi ya mvula. Atumizenso munthu wawo woti ayende ndi akatswiriwo. Ife tinasamutsa mapuloti onse kupita pamalo apakati paja, pomwe nthaka ndi yofiira, yakuya, ndipo kutsetsereka kwake kuli pakati pa maperesenti 3 ndi 10. Mapuloti anachepa kuchoka pa 60 kufika pa 48 ndipo ena anawachepetsa kukula, zomwe zinapweteka mamembala ena ndipo nkhani yake sinathe mpaka pano. Misewu tinaikhotetsa kuti itsate mbali ya chitunda m'malo molunjika kumunsi, sukulu ya mkaka tinaichotsa pafupi ndi kasupe, ndipo chigwa tachisiya momwe chilili. M'maenje atatu a m'malire mwa chigwa ndi malo apakati, mayi aja anasiyamo mapaipi oboola timabowo, otsekedwa pamwamba, ndipo anandiphunzitsa kuyeza kuya kwa madzi ndi tepi kamodzi pa sabata mvula ikadzayamba. Mapuloti asanu a mzere wakumunsi sitinawagawebe kwa aliyense, tikudikira zomwe mapaipiwo adzaonetse.